Uthenga Umene Unawerengedwa ku Babashopu

Maud anachotsedwa pa banja tsiku lina masana, ndipo chimene chinamuchotsa chinali uthenga waufupi wa pa foni.

Kuno ku komboni ya George, magetsi akathima, mafoni onse a mumzere wathu amakathera kwa Chrispin. Chrispin ndi wometa tsitsi. Ali ndi kababashopu ka malata, ndipo padenga pake anaikapo sola. Mkati anakhoma thabwa lalitali, pamene mafoni amandandalikidwa chagada, iliyonse ndi chingwe chake. Foni ikalira, Chrispin amasuzumira n'kuitana mwini wake. Iye amati kumeneko n'kuthandiza. Ife timati ndi mtima wokonda za eni, koma timapitabe komweko poti sola ina kulibe.

M'nyumba mwa Maud foni inali imodzi. M'mawa inkakhala ndi iye pa kathebulo kake ka tomato ndi repu, masana ana ankaseweretsa, madzulo inali ya mwamuna wake Rodgers, mmisiri womanga nyumba. Tsiku limenelo Rodgers analibe ntchito, ndiye anaitenga kukachaja, n'kukhala pa mpando kuti amete. Pa benchi panali amuna ena odikira.

Foni inalira pa thabwa paja. Chrispin anasuzumira, makina ometera ali m'manja.

"Ba Rodgers, meseji yangena," anatero. Mawu onse ankaonekera pa galasi, osafuna n'komwe kutsegula foni, ndipo pakamwa pa Chrispin sipadikira mutu. Anawerenga mokweza: "Mayi Maud Tembo, tsiku lanu la jakisoni wolera ndi Lolemba. Bwerani ku kiliniki m'mawa."

Kenako mwamuna wina pa benchi anaseka.

"Kanshi ndiye chifukwa mwana mwamuna sabwela! Ba Rodgers, imwe musebenza, koma ku nyumba banakhoma geti kudala."

Onse anafa nazo kuseka. Rodgers anachotsa nsalu ya pakhosi, anazula foni pa chingwe, n'kutuluka mutu uli wometa mbali imodzi.

Rodgers sankadziwa za jakisoniyo. Iye ndi Maud ali ndi ana anayi, onse aakazi. Pobadwa womaliza, Miracle, Maud anataya magazi ambiri moti anatsala pang'ono kutisiya. Anamwino anamuuza mosapita m'mbali kuti mimba ina ikhoza kumupha. Atachira anayamba kulera pa kakiliniki ka bungwe lina kamene kali m'dera lathu. Ankafuna kumuuza mwamuna wake, koma m'nyumba munali apongozi ake ochokera ku Katete, amene nyimbo yawo inali imodzi tsiku ndi tsiku, yoti banja lopanda mwana wamwamuna silinayambe. Maud ankadikira kuti apongozi abwerere kumudzi, akambirane ndi Rodgers awiriwiri. Polembetsa ku kiliniki anamufunsa nambala ya foni monga mmene anamufunsira dzina, iye n'kupereka. Palibe anamuuza kuti nambalayo idzagwira ntchito yanji.

Rodgers anamupeza akuwaza madzi pa repu.

"Bamake Chipo, ivi ni vichani?" anafunsa, atamulozetsa foni kumaso.

Maud anawerenga uthengawo n'kusiya kuwaza madzi.

"Batate bake Chipo, tiyeni mu nyumba, nikuuzeni bwino."

"Uniuze manje? George yonse yaziba, ine neka ndiye chipuba! Wanisebanya pa menso pa bamuna banzanga."

Apongozi anatuluka atamva phokoso. Atamva nkhaniyo anaomba m'manja kamodzi.

"Mwana wanga, mkazi wobisa mankhwala ndi woopsa," anatero. "Lero wakubisira izi. Mawa adzakubisira chiyani?"

Maud anayesa kutchula zimene anamwino ananena, koma mawu ake anamira m'phokoso. Rodgers anaponya zovala zake m'chikwama n'kuchiika panja. Maud anabereka Miracle, ananyamula chikwama, n'kupita kwa mkulu wake ku komboni ya Kanyama. Atsikana atatu anatsala akulira pakhomo, ndipo ife anansi tinangoonerera monga mwa khalidwe lathu. Ndimachita nalo manyazi khalidwe limeneli.

Lolemba lija linafika n'kudutsa, Maud osapita ku kiliniki. Ankangokhala m'chipinda cha mkulu wake, kudya movutikira, kulankhula ayi. Chipo, mwana wake woyamba, anasiya kupita ku sukulu kuti aziphikira azing'ono ake. Tomato anaolera pa kathebulo. Patapita masiku ankhoswe anabwera ndi mawu a Rodgers: Maud akhoza kubwerera kwa ana ake, koma za ku kiliniki azisiye.

Nkhani ya ku babashopu sinathere pa Maud yekha. Amayi ambiri a mumzere wathu ali ndi zawo zimene sanafike pozikamba kunyumba. Aliyense anayang'ana foni ya m'nyumba mwake ndi mantha. Pa benchi ya ku kiliniki, imene inkadzaza m'mawa uliwonse, panayamba kukhala mipata. Ena amene anasiya kubwera sanali olera ayi, anali odzatenga mankhwala a matenda ena ofunika kumwa tsiku lililonse.

Woyamba kuona mipatayo anali a Sophia, mayi wodzipereka amene amayendera odwala m'makomo m'malo mwa kiliniki. Atafufuza n'kumva chimene chinachitika, anakwera basi kupita ku Kanyama. Anamupeza Maud atakhala pansi, atatsamira khoma.

"Maud, siku yako inapita," anatero a Sophia. "Tiye ku kiliniki, bakakuone."

"Ba Sophia, nisiyeni chabe."

"Siningakusiye. Uziba vamene ba nesi banakamba."

"Niziba," anatero Maud, misozi ikutsika. "Nikabwelela kuli ba Rodgers nilibe jakisoni, nizatenga mimba, nizamwalila. Nikayenda ku kiliniki, foni izakamba futi, bazanipisha futi. Nikankhala kuno, bana banga bazakula balibe mai. Manje niuzeni imwe, nisankhe chiti?"

A Sophia anakhala naye pansi pomwepo mpaka dzuwa linapendeka, kenako anabwerera ali ndi mkwiyo. M'mawa mwake anakafotokoza zonse kwa oyang'anira kiliniki, ndipo anakana kuchoka mu ofesi mpaka mauthenga onse a pa foni ataimitsidwa.

Bungwe linatumiza mtsikana wina dzina lake Mwape. Iyeyu ndi mmodzi wa anthu olemba mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo anali atangopatsidwa kumene ntchito yosamala pulogalamu imene inkatumiza mauthengawo. Anakulira ku komboni ya Matero, choncho za foni imodzi ya nyumba yonse sizinali zachilendo kwa iye. Anapempha kukumana ndi amayi amene amalandira chithandizo pa kiliniki. A Sophia anayenda khomo ndi khomo, koma amene analola anali ochepa. Maud anakana kawiri konse. Anadzalola atauzidwa kuti akumana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, chitseko chili chotseka.

Mwape sanayambe ndi kudziteteza.

"Bamayo, pepani," anatero. "Kompyuta siinalakwe, inachita chabe vamene banthu banaiuza. Bamene banapanga pulogalamu iyi benze kufuna kutandiza kuti musaziibala siku yanu. Koma banaganiza monga munthu aliyense ali na foni yake yeka, mu thumba mwake. Sibanafunse kuti meseji ikafika, nindani azaiona poyamba. Iyo funso yenze kufunika pa siku yoyamba, bakalibe kulemba chilichonse."

Anafotokoza kuti pa ntchito yawo pali mfundo yoti chinsinsi cha munthu chimaganiziridwa poyamba, chinthu chisanamangidwe, osati kudikira kuti wina avulale. Anati zili ngati bafa la panja: umayamba wazinga masaka, kenako n'kulowa ndi madzi. Palibe amene amayamba kusamba n'kumati azinga anthu akayamba kuseka. Amayi awiri anaseka pang'ono, koma Maud sanaseke.

Kenako Mwape anatsegula kompyuta yake n'kuonetsa amayiwo mafunso onse amene kiliniki inkafunsa polembetsa. Panali dzina la mwamuna, kumene amagwira ntchito, mpingo, ndi zina zambiri.

"Kuti munthu alandile jakisoni, zina ya mpingo ifunika chani?" anafunsa Mwape. "Siifunika. Chinthu chamene sitinatenge sichingatitayike. So tizafunsa chabe vamene ba nesi bafunika kuti bakutandizeni. Vinangu vonse tizafufuta."

Anaululanso china chimene amayiwo sankachidziwa. Kafoni ka ntchito kamene odzipereka amayenda nako kankaonetsa mayina ndi matenda a anthu onse a pa kiliniki, ngakhale amene wodziperekayo sawayendera. A Sophia anavomera kuti nawonso ankaona mayina a anansi awo amene sanafune kuwaona. Mwape anati kuyambira pamenepo aliyense aziona anthu ake okha, ndipo kafoniko kazitseguka ndi nambala yachinsinsi.

Pa nkhani ya mauthenga anati poyamba pulogalamu inkatumizira aliyense, ndipo wosafuna ndiye ankayenera kukapempha kuti asiye. Tsopano atembenuza. Palibe adzalandire uthenga pokhapokha atapempha yekha, atafunsidwa kaye ngati foniyo ndi yake yekha, ndiponso atamva mawu enieni amene adzatumizidwe.

"Mu meseji simuzankhala zina yanu, olo zina ya mankhwala, olo ya kiliniki," anatero Mwape. "Tingalembe chabe ati, musaibale pa Mande."

Mayi wina wachikulire anapukusa mutu.

"Mwana wanga, bamuna banga bakaona nambala yachilendo ati musaibale pa Mande, bazakamba ati nili na chisumbali. Iyo ndiye izanipaisa bwino."

Ulendo uno onse anaseka, Mwape yemwe. Analemba zimenezo n'kunena kuti n'chifukwa chake anabwera kudzafunsa eni ake, poti chinthu cha anthu sichipangidwa anthuwo kulibe. Anakambirana nthawi yaitali. Ena anasankha mawu awoawo oti azitumiziridwa. Ena anati bola a Sophia azidzawanong'oneza pamaso. Ena anati tsiku lawo amalikumbukira okha, asavutitsidwe. Mwape anati njira zonsezo zitheka, ndipo kukumbutsa munthu sikufuna kuti umuvule pagulu. Anawauzanso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza nkhani za munthu, ndipo aliyense ali ndi ufulu wofunsa zimene zinalembedwa za iye, kuzikonza ngati zili zolakwika, ndi kukana kuti nambala yake isungidwe.

Pomaliza Maud anakweza mutu.

"Nambala yanga ichokemo," anatero.

Mwape anamuitana pafupi, anamuonetsa pamene panali nambalayo, n'kuifufuta iye akuona. Anafufutanso dzina la Rodgers.

"Nanga vamene banamvela ku babashopu?" anafunsa Maud. "Mungafufute navo?"

Mwape anayang'ana pansi.

"Awe, mayo. Ivo siningakwanise."

Maud anagwedeza mutu n'kubwerera pa mpando wake. Msonkhano unathera pamenepo.

Ntchito yokonza pulogalamu inatenga nthawi, ndipo mauthenga sanayambirenso mpaka zonse zitatha. Koma Maud sanadikire zimenezo. Patangopita masiku ochepa chichitikire msonkhano uja, anatulukira ku kiliniki m'mawa, Miracle ali kumsana. Anamwino anamuyeza kaye kuti aone ngati alibe mimba, kenako anamubaya jakisoni. Anamufunsa ngati akufuna kukumbutsidwa tsiku lotsatira, iye anati ayi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chotsala chinali Rodgers. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi ku Kanyama Lamulungu masana. Rodgers anabwera nkhope ili gwa, ndipo anabwereza mawu ake aja, kuti za ku kiliniki zithe. Maud anapempha kuti alankhule, wina asamudule. Anafotokoza za magazi amene anataya pobadwa Miracle, ndi zimene anamwino anamuuza iye ali gone. Ananena poyera kuti wabayitsanso, ndipo sasiya.

"Ngati mufuna mwana mwamuna kuchila ine, kambani pano pali bakulu," anatero. "Nizamvela. Koma ine sinifuna kusiya bana banga pa manja pa banthu."

Rodgers anayang'ana manja ake. Tsiku limene Miracle anabadwa iye anali panja pa chipatala, ndipo anaona nsalu zimene anamwino ankatulutsa. Sankafuna kuzikumbukira, koma anazikumbukira.

"Sembe unaniuza mu nyumba," anatero ndi mawu otsika. "Nikanakalipa, inde, koma vikanasilila mu nyumba."

"Nenze kuyembekezela bamai banu babwelele ku munzi," anatero Maud. "Yenze nkhani yanga yokuuzani ine neka, pa nthawi yanga. Bananilanda."

Rodgers sanapepese, poti si munthu wa mawu otere. Anangonyamula chikwama cha Maud n'kutsogola kupita kokwerera basi. Apongozi anabwerera ku Katete sabata yomweyo osatsanzika mpongozi wawo.

Lero Chipo wabwerera ku sukulu. Amayi ambiri ayambanso kupita ku kiliniki, ngakhale ena sanabwererenso, ndipo a Sophia akugogodabe m'makomo awo. Rodgers amameta kwina, kutali, ndipo amazungulira njira kuti asakumane ndi amuna amene anamuseka. M'nyumba mwawo mawu ndi ochepa kusiyana ndi kale.

Phunziro lake ndi ili, ndipo ndilinena mosabisa. Inu amene mumapanga mapulogalamu ndi zida za masiku ano, ganizirani chinsinsi cha munthu kuyambira tsiku loyamba. Musatenge zimene simukuzifuna, musatumize zimene mwini wake sanapemphe, ndipo bwerani mudzaone mmene timakhalira musanatipangire chinthu. Nafenso tikafunsidwa nambala kapena dzina, tizifunsa kuti n'za chiyani, adzaziona ndani, ndipo tingazichotse bwanji. Kukana ndi ufulu wathu, ndipo chithandizo sichiyenera kuima chifukwa takana.

Pulogalamu inakonzedwa, ndipo mayi wina sadzaonanso zimene Maud anaona. Maud ali moyo, ana ake akugona ndi mayi wawo. Koma nkhani imene inayenera kukambidwa ndi anthu awiri kuchipinda inakambidwa ndi komboni yonse, ndipo mpaka lero Maud akafuna kutunga madzi amadikira kuti pampopi pathe anthu.